Kuika pampu yamphamvu ndi sampu pa thanki ya petulo: pomwe ntchito imalakwikira

Galimoto yakale ikalandira injini yamphamvu, tinene Toyota Cressida yoikidwa 1JZ-GTE kapena Nissan 1400 yoikidwa SR20DET, pali matenda amodzi omwe amazunguza eni ake mutu. Thanki ikakhala yodzadza, galimoto imakoka bwinobwino. Petulo akatsika kufika pa kota, mukangoponda moto kapena kukhota kona mwaliwiro, injini imatsamwa kwa kamphindi kenako n'kudzidzimuka. Ambiri amathamangira kukagula pampu yokulirapo. Chonsecho nthawi zambiri pampu siinachepe mphamvu ayi. Yameza mpweya, chifukwa petulo wathawira mbali ina ya thanki n'kusiya kamwa la paipi pamtunda.

Injini ya kabuleta inkabisa vutoli. Kabuleta ili ndi kambale kake kosungira petulo, ndiye pampu ikaphonya kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, injini imamwa wa m'kambalemo, inu osadziwa kanthu. Ma injekita, omwe amapopera petulo mu injini zamakono m'malo mwa kabuleta, alibe posungira. Amafuna petulo wofika ndi pulesha yokwanira nthawi zonse, pafupifupi 3 bar (bar ndi muyeso wa pulesha), ndipo ikangotsika, mafuta olowa mu silinda amachepa pompo. Pa injini ya turbo yomwe ili pa boost, kutanthauza pamene turbo ikukankhira mpweya wapulesha mu injini, mafuta kuchepa kumatanthauza kutentha kopitirira muyeso, ndipo kutenthako ndi komwe kumasungunula pisitoni. Choncho kutsamwa kwa pakona kuja musakuone kuchepa.

Za kukula kwa pampu tisatayepo nthawi, chifukwa masamu ake ndi ofewa. Injini ya turbo ya petulo imamwa pafupifupi malita 0.37 pa ola pa hp (muyeso wa mphamvu ya injini) iliyonse ikamagwira ntchito ndi mphamvu zonse. Ya 400 hp ifuna malita pafupifupi 150 pa ola. Onjezanipo 20 peresenti yodzitetezera, afike 180. Pampu ya Walbro ya malita 255 pa ola kapena ya Bosch 044 ya malita pafupifupi 300 pa ola zimakwanira. Chongokumbukira n'chakuti nambala yolembedwa pa katoni ndi ya pa pulesha inayake. Regulator, kachipangizo kolamulira pulesha ya petulo, pa injini ya turbo imakweza pulesha ya petulo molingana ndi boost, kotero mukakhala pa boost ya 1.5 bar, pampu ikukankha 4.5 bar, ndipo malita ake amatsika. Onani tchati cha wopanga pa pulesha imeneyo, osati pa 3 bar.

Nkhani yeniyeni ili kumbali yoyamwira. Pampu ya magetsi imadziwa kukankha, kuyamwa siidziwa kwenikweni. Apa ndi pomwe sampu imabwera. Osasokoneza ndi sampu ya oyilo ya pansi pa injini: iyi ndi kabokosi kachitsulo kowotcherera kunsi kwa thanki, kuti petulo azitsikiramo yekha ndi kukhalamo ngakhale wotsala m'thanki akukhavukira uku ndi uku. Imaikidwa pamalo otsikitsitsa a thanki, chakumbuyo, potulukira pake pataloza kumbuyo, chifukwa galimoto ikanyamuka mwamphamvu petulo yense amathamangira komweko.

Musanagule sampu, gonani pansi pa galimoto ndi tepi. Kabokosika kamalendewera masentimita angapo kunsi kwa thanki, ndipo ngati kakhala kotsika kuposa difu kapena chesisi, hampu yoyamba kapena mwala wa mumsewu wafumbi udzakang'amba, petulo n'kutayikira pafupi ndi ekizozi. Galimoto yotsitsidwa kwambiri, kapena yokhala ndi thanki ya pulasitiki yomwe siwotchereka, njira yake ndi ina: surge tank, kathanki ka malita awiri kapena atatu komwe kamadzazidwa ndi pampu yaing'ono yochokera m'thanki yaikulu, pampu yamphamvu n'kumamwa m'menemo. Pa galimoto yoyenda m'tauni tsiku ndi tsiku, ine ndimaona kuti surge tank ndiyo yabwino kuposa sampu, ndipo imagwira bwino pakona pomwe.

Mukasankha sampu, gawo loopsa ndi kuwotcherera. Thanki yopanda petulo ndi yoopsa kuposa yodzadza, chifukwa chomwe chimaphulika ndi nthunzi ya petulo yosakanikirana ndi mpweya, ndipo nthunziyo imabisala m'mipindiro ya chitsulo ndi m'dzimbiri ngakhale thanki itakhala padzuwa sabata yathunthu. Tsitsani thanki pa galimoto, chotsani geji ndi chilichonse chomangidwapo, itsukeni kangapo ndi madzi otentha ndi sopo wochotsa mafuta, ndipo ngati mungapeze otsuka ndi nthunzi ya madzi, pitani nayo kumeneko. Ngakhale itatsukidwa, wowotcherera azithira argon kapena carbon dioxide m'kati nthawi yonse yomwe moto ukuyaka. Dirilo ndi giraindala nazo zimathetheka moto, choncho kuboola kumabwera pambuyo pa kutsuka. Zoti anthu ena amalowetsamo utsi wa ekizozi musatengere. Utsiwo umatha kukhala ndi petulo wosapsa.

Ikani sampu pamalo pake, jambulani mozungulira ndi cholembera, ndipo m'kati mwa mzerewo boolani mabowo anayi kapena asanu a mamilimita 20 mpaka 25. Musadule dzenje limodzi lalikulu lofanana ndi sampu yonse. Chitsulo chotsala pakati pa mabowo ndicho chivindikiro chomwe chimaletsa petulo kuthawamo galimoto ikakhota kapena ikamanga mabuleki. Mukachichotsa, sampu yasanduka chigwa chabe. Palani m'mphepete mwa mabowo kuti pasatsale tizitsulo. Palaninso malo owotcherera mpaka chitsulo chiwale, popeza matanki ambiri akale anakutidwa ndi mtovu wosakaniza ndi tini, ena ndi zinki, ndipo zimenezi zimaononga weld komanso utsi wake ndi wapoizoni. Chitsulo cha thanki n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndiye muyambe ndi kugwiriza m'makona, kenako muziwotcherera pang'onopang'ono, masentimita awiri apa, awiri mbali inayo, kudikira kuti pazizire. Wowotcherera mzere umodzi wautali amapinda thanki kapena kuiboola.

Mukatha, tsekani mabowo onse, popani mpweya wosapitirira 0.2 bar, ndipo pakani madzi a sopo pa weld yonse. Pomwe patuluke thovu ndiye podontha. Kompuresa yotsegula yonse imafufumitsa thanki ngati chibaluni. Kenako tsukaninso m'kati kuchotsa tizitsulo, umitsani, pentani kunja.

Pampu imangidwe pafupi ndi thanki, molingana ndi potulukira pa sampu kapena kutsikirapo pang'ono, kuti petulo azifika yekha pakamwa pake. Ikhale pa bulaketi yolimba yokhala ndi labala, m'kati mwa chesisi momwe mwala kapena ngozi yakumbuyo singaipeze msanga, kutali ndi ekizozi. Paipi yochoka ku sampu ikhale yaifupi, yopanda makona akuthwa, ndipo ikhale yaikulu kuposa yopita ku injini: ngati yakutsogolo ndi -6AN, yomwe ndi pafupifupi mamilimita 10 (AN ndi muyeso wa kukula kwa mapaipi ndi zolumikizira zake), yoyamwira ikhale -8AN kapena -10AN. Pakati pa sampu ndi pampu ikani fyuluta ya 100 micron, ya timabowo tokulirapo. Ya 10 micron, ya timabowo tating'ono kwambiri, ipite patsogolo pa pampu, kuteteza ma injekita.

Kusinthanitsa mafyuluta awiriwa kwapha mapampu ambiri, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Mbali zina za petulo zimayamba kuwira pa kutentha kosafika n'komwe madigiri 40, ndipo pulesha ikatsika amawira msanga kuposa pamenepo. Pampu ikamalimbana kuyamwa kudzera m'fyuluta yothina kapena paipi yaing'ono, petulo amasanduka thovu pakhomo pake penipeni. Thovulo limaphulikira m'kati mwa pampu n'kumadya zitsulo zake, komanso pampu imatentha popeza petulo yemweyo ndiye amaiziziritsa. Chizindikiro chake ndi pampu yomwe m'mawa imalira bwino koma masana a mu Okutobala, mutayenda ola limodzi, imayamba kulira mokwera ngati muli mchenga.

Paipi yobweza petulo kuchokera ku regulator isathirire mu sampu. Petulo wobwerayo ndi wotentha ndipo ali ndi thovu; alowe pamwamba pa thanki, kutali ndi mabowo aja, kudzera pa kapaipi kotsikira pansi kuti asamagwe ngati mathithi. Paipi yobwezayi ikakhala yaing'ono kwambiri, pulesha imakwera injini ikungolira osaponda moto ndipo galimoto imafuka utsi wakuda. Onaninso kuti popumira thanki ndi potseguka, apo ayi pampu yamphamvu imaifinya thanki mpaka kuphwanyika m'kati. Labala wa mapaipi a petulo akhale wolembedwa SAE J30R9. Wa J30R7 ndi wa kabuleta, ndipo kachidutswa kalikonse komira m'thanki kakhale J30R10. Kuno ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amaumitsa ndi kuswa labala wosayenera. Pa zolumikizira za AN musakulunge tepi yoyera ija ya mapaipi a madzi, chifukwa zimatseka ndi mlomo wake wopendekera, ndipo tizidutswa ta tepi timakatseka injekita.

Waya wa fakitale sanapangidwire pampu yomwe imatha kukoka ma amp 15. Magetsi akatayika panjira, pampu imazungulira pang'onopang'ono ndipo malita aja amachepa. Kokani waya watsopano wa 4 mm² kuchokera ku batire, fyuzi ya 20 kapena 25 amp ikhale pafupi ndi batire penipeni, kudzera pa relay (switchi yoyatsidwa ndi magetsi), ndipo efu ya pampu, waya wake wa negetivu, imangidwe pa chitsulo chopalidwa ndi waya wa kukula komweko. Relay iziyatsidwa ndi waya wakale wa pampu wochokera ku ECU, kompyuta yoyendetsa injini, osati ndi kiyi kapena switchi ya pa dashibodi. ECU imazimitsa pampu injini ikaima. Switchi yamanja imapitiriza kupopa petulo pa galimoto yomwe yagubuduzika paipi itaduka.

Poyesa, thirani malita 10, yatsani kiyi kangapo osaliza injini, ndipo gwirani polumikizira paliponse ndi pepala louma, chozimitsira moto chili pambali. Lizani injini, chotsani kapaipi ka vacuum pa regulator, ikani pulesha pa 3 bar, bwezeranipo kapaipiko. Pimani magetsi pa pampu penipeni: asasiyane ndi a pa batire kuposa theka la volt. Mayeso omaliza ndi a pamalo otetezeka, thanki ili pa kota, mnzanu akuyang'ana geji ya pulesha ya petulo. Pa boost ya 1 bar singano ifike pa 4 bar n'kukhazikika pomwepo. Ikayamba kugwa ma rev akamakwera, chotsani phazi pompo, mukayambire kufufuza pa fyuluta ya 100 micron ndi paipi yochoka ku sampu.