Phiri la Mulanje silinaphulikepo

Kuno ku Blantyre, kukacha bwino Mulanje n'kumaonekera chakum'mawa, mumamva ena akuti phirili linabadwa pamene chiphalaphala chamoto chinaphulika kuchokera pansi. Ayi ndithu. Chiphalaphalacho chinalipodi, koma sichinatulukire kunja. Chinazizira mkati mwa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo n'kusanduka thanthwe lolimba kwambiri. Kenako mvula ndi mitsinje zinakokolola pang'onopang'ono miyala yofewa imene inalikuta, thanthwelo n'kutsala chiimire. N'chifukwa chake lero nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002.

Enanso amalitcha paki ngati Liwonde, pomwe ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo amaiyang'anira ndi a nthambi ya zankhalango. Mtengo wa mkungudza, umene anthu audula mosasamala, kwawo kwenikweni n'komweko.