Batman wolusa uja, ndi nkhani imene inathera pa nambala 10

Ku America timabuku ta nkhani za zithunzi, tija amati makomiki, tinkafika m'masitolo Lachitatu lililonse, ndipo ogula okhazikika amadziwa tsiku lobwera ka nambala kotsatira monga momwe wantchito amadziwira tsiku la malipiro. Mu July 2005 anthu otere anathamangira kabuku katsopano ka kampani ya DC Comics, All Star Batman & Robin, the Boy Wonder. Nambala yoyamba yokha inagulidwa makope oposa 250,000, ndipo palibe komiki ina imene inaiposa chaka chimenecho.

Anthu sanathamange pachabe. Wolemba anali Frank Miller, amene mu 1986 anatulutsa The Dark Knight Returns, nkhani ya Batman wokalamba ndi woipidwa mtima, ndipo chaka chotsatira analemba Batman: Year One. Ambiri amati mabuku awiriwa ndiwo anamuchotsera Batman mbiri ya chidole choseketsa ana. Wojambula anali Jim Lee, amene X-Men yake ya 1991 inagulidwa makope oposa 8 miliyoni, komanso anali atajambulapo kale nkhani ina ya Batman yotchedwa Hush. Chaka chomwecho cha 2005 m'makanema munali Sin City, yochokera m'mabuku a Miller, ndi Batman Begins. Akatswiri awiri, mphika umodzi. Ndani akanakayika?

Nkhani yake inali yakale, yodziwika kuyambira 1940: mmene mnyamata Dick Grayson, wosewera pazingwe m'malere limodzi ndi makolo ake, anasandukira wamasiye n'kukhala Robin, wothandizira Batman. Cholinga cha mndandanda wa All Star chinali chakuti munthu watsopano athe kuwerenga popanda kudziwa zonse zimene zinalembedwa m'mbuyomo. Ambiri ankayembekeza nkhani yoti angapatse ngakhale mwana wa mlongo wawo.

Zimene anapeza ndi zina. M'masamba oyambirira mtolankhani Vicki Vale akuyendayenda m'nyumba atavala za m'kati zokhazokha, ndipo pamene DC inasindikiza malangizo amene Miller analembera Lee, zinaoneka kuti sizinali zongochitika, wolembayo anachita kupempha. Makolo a Dick akuwomberedwa mwanayo akuona. Batman akumulanda m'manja mwa apolisi achinyengo, koma osati momutonthoza: akumunyamula ngati katundu, n'kumuuza kuti walembedwa usilikali. Mnyamata wa zaka 12, magazi a mayi ake asanaume. Mu nambala 2, ali m'galimoto, mwanayo atafunsa kuti kodi ndinu ndani, Batman akumufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino, pogwiritsa ntchito liwu lonyoza olumala ubongo, kenako akudzitchula yekha motukwana kuti "the goddamn Batman". Mawu atatu amenewa ndiwo anakhala dzina la buku lonse m'kamwa mwa anthu. Ngakhale amene sanaliwerengepo amawadziwa.

Kenako kudikira kunayamba. Kabuku kamene kanayenera kumabwera pafupipafupi kanatuluka katatu mu 2005, ndipo chaka chonse cha 2006 kanatuluka kamodzi kokha. Nambala 5 inafika mu 2007, patapita pafupifupi chaka chathunthu. Eni masitolo ndiwo ankamva kuwawa kwenikweni, chifukwa kumeneko mabuku otere ankaitanitsidwa kudakali miyezi, kudzera kwa Diamond, kampani imene inkagawa pafupifupi makomiki onse, ndipo otsala sankabwezedwa. Tsiku likasunthidwa, mwini sitolo ndiye amayankha makasitomala Lachitatu lililonse kuti sikanabwere. Lee sanabise, anavomera yekha kuti kuchedwako kunali kwa iye osati Miller. Anali ndi zambiri m'manja, kuphatikizapo kujambula za gemu ya pakompyuta ya DC Universe Online.

Kuchedwako kunasintha kawerengedwe ka anthu. Batman anamutenga Dick kumapeto kwa nambala 1 ndipo anafika kuphanga mu nambala 4. M'nkhanimo unali ulendo wa usiku umodzi, koma kwa owerenga inali miyezi pafupifupi khumi. Munthu ukapatsidwa masamba ochepa n'kuuzidwa kuti udikire, umawabwereza mpaka kuona msoko uliwonse. Anthu anaona kuti nkhope ya Dick yaikidwa kale pa paketi ya mkaka monga mwana wosowa, Clark Kent, yemwe ndi Superman, akuiona ali kwawo ku Metropolis, pamene mwanayo anali asanatsike n'komwe m'galimoto. Anayamba kuwerenga kuti Miller wabwereza kangati chiganizo chimodzi pa tsamba limodzi. Nthabwala zinachuluka kuposa masamba.

Kuphangako Lee anajambula chithunzi chotambasula cha masamba asanu ndi limodzi, magalimoto ndi makina ndi mileme, chokongola moti ngakhale odana ndi bukuli sanachitsutse. Koma m'phanga lokongolalo Batman akumusiya mwanayo pamdima, n'kumuuza kuti akamva njala agwire makoswe. Si mbewa zakumunda zotsira mchere zija ayi, makoswe enieni a m'ngalande. Wantchito wokalamba Alfred atamupatsa chakudya chabwino mobisa, Batman akumukwenya pakhosi. Kwa anthu amene anakula akudziwa kuti Bruce Wayne, yemwe ndi Batman, anatenga Dick chifukwa anaona mwa iye umasiye wake womwe, apa m'pamene chingwe chinaduka.

Owerenga anagawikana, ndipo magulu ake sanali awiri okha. Ena anati Miller watha, akungobwereza kalembedwe ka Sin City pamalo posayenera, ndipo anakumbutsa kuti The Dark Knight Strikes Again ya 2001 ndi 2002 inali itawakhumudwitsa kale. Amayi ambiri owerenga makomiki anadandaula ndi mmene akazi ankaonekera: Wonder Woman wongolalatira mwamuna aliyense wokumana naye, Black Canary womenya anthu bala yonse kenako n'kugona ndi Batman padoko, mvula ikugwa, zophimba kumaso ali chivalire. Ena anati ayi, mukuphonya, munthuyu akuseka. Akuseka owerenga amene kwa zaka makumi awiri ankapempha Batman wouma mtima, ndiye wawapatsa mpaka awalowe m'mphuno. Panalinso gulu lachitatu, mwina lalikulu kuposa onsewo, limene linkati buku ndi loipa koma kuipa kwake n'kokoma. Amenewa ankagula kuti aone kuti ulendo uno misala ifika pati. N'chifukwa chake nambala iliyonse ikatuluka, ngakhale itachedwa bwanji, inkakhalabe m'gulu la ogulidwa kwambiri mwezi umenewo. Kunyoza ankanyoza, ndalama ankaperekabe.

Ine nambala 9 ndi imene imandigwira. Mphete yamphamvu ya Green Lantern, ngwazi ina ya DC imene dzina lake lenileni ndi Hal Jordan, inali ndi chofooka chodziwika, sinkagwira ntchito pa chinthu chachikasu. Ndiye Batman akupaka chipinda chonse penti yachikasu, akudzipaka yekha, akupakanso Robin, n'kukhala pansi kumamwa madzi a mandimu uku akumuzunguza Green Lantern amene wabwera kudzakumana naye. Mpaka apa ndi sewero loseketsa. Koma Robin akuba mphete ija, ndewu ikubuka, ndipo mwanayo akumenya Hal Jordan pakhosi mpaka kulephera kupuma. Batman akuchita kumuboola pakhosi kuti apulumuke. Pamenepo m'pamene akuzindikira chimene wapanga mwa mwana wa eni: wamuphunzitsa kumenya, sanamupatse mpata wolira maliro. Akupita naye kumanda a makolo ake, ndipo awiriwo akulira limodzi. Oikira kumbuyo bukuli amaloza tsamba limeneli n'kumati mwaona, kumeneku n'kumene tinkapita, Robin ndiye adzamuweta Batman. Otsutsa amayankha kuti tsamba limodzi silingafafanize zaka zitatu za nkhanza. Likanatuluka mwezi ndi mwezi, owerenga akanafika kumandako chaka chisanathe, mkwiyo usanazike mizu. Anafikako mu 2008.

Ndiponso kuchedwa pakokha si mlandu wosakhululukidwa. All-Star Superman ya Grant Morrison ndi Frank Quitely inayamba kumapeto kwa 2005, nayonso inkachedwa, inatenga zaka pafupifupi zitatu kuti ikwanitse manambala 12. Koma inafika pamapeto, inalandira mphoto zapamwamba za makomiki zotchedwa Eisner, ndipo lero n'ngochepa amene amakumbuka kuti ankaidikira.

Nambala 10 inabwera mu September 2008 ndi ngozi yakeyake. Batgirl, mtsikana wamng'ono, ankatukwana kwambiri m'menemo, ndipo mawu otukwanawo anayenera kuphimbidwa ndi mizere yakuda. Posindikiza, mizereyo sinade mokwanira, moti zonse zinkawerengeka. DC inapempha eni masitolo kuti awononge makopewo, idzatumiza ena. Si onse anamvera. Makope olakwikawo anapezeka pa msika wa pa intaneti wa eBay pa mtengo wokwera kuposa wa m'sitolo.

Nambala 11 sinabwere. Mu 2010 Lee anakwezedwa kukhala mmodzi wa akuluakulu awiri oyendetsa zofalitsa za DC, pamodzi ndi Dan DiDio. Chaka chomwecho, pa msonkhano wa WonderCon, kunalengezedwa kuti nkhaniyi idzamalizidwa m'manambala asanu ndi limodzi pansi pa dzina latsopano, Dark Knight: Boy Wonder, kuyambira February 2011, ndipo ulendo uno idzafika pa nthawi yake. February anadutsa. Lee anapita kukajambula Justice League pamene DC inayambitsanso mabuku ake onse chaka chimenecho. Miller anabwereranso kwa Batman wake wokalamba mu 2015 ndi Dark Knight III: The Master Race, koma kwa mwana uja sanabwerere.

Mkangano wakuti kodi Miller ankaseka kapena anali atasokera udakalipo, chifukwa masamba amene akanauthetsa sanasindikizidwe. Buku loyamba losonkhanitsa nkhaniyi, la 2008, lili ndi manambala 1 mpaka 9 okha, choncho amene analigula amatseka chikuto Batman ndi Robin ali kumanda, mvula ikuwagwera. Amene anagula ndi nambala 10 yomwe anasiyidwa pena: Catwoman wavulazidwa kwambiri, Joker, mdani wamkulu wa Batman, akuyendabe momasuka mumzinda wa Gotham, ndipo mkazi wa wapolisi Jim Gordon ali m'chipatala.