Asanabwereke novel yachikondi, ndimayamba ndafunsa zaka

Mwezi wa Okutobala kuno ku Ngabu dzuwa likafika pa liwombo palibe amene amafuna kuyenda pa msewu, ndiye kalaibulale kathu kamadzadza, ambiri akufuna mthunzi osati mabuku ayi, koma ine sindidandaula poti ena mwa owerenga anga enieni anayamba choncho. Tsiku lina Lachinayi analowa mayi wina atavala yunifomu ya kumpingo, kumbuyo kwawo kamtsikana ka Fomu 2 kali zyoli. Sanakhale n'pansi pomwe. "Bambo, mwanayu ndamupeza ndi zinkhani zachikondi pa foni ya mkulu wake, usiku wonse m'neti osagona. Ngati kuwerenga kwamulowa choncho mumupatseko zachikhristu basi."

Ndinawakokera mpando, ndinati khalani kaye mayi, chifukwa buku likalembedwa kuti ndi lachikhristu sizitanthauza kuti ndi la ana.

Tengani Redeeming Love la Francine Rivers, lomwe linatuluka koyamba mu 1991. Pa ma novel onse achikondi achikhristu ili ndi limene azimayi amandifunsa kwambiri, ndipo kope lathu linafufuma masamba ndi chinyontho cha namondwe wa Freddy mu 2023, tinachita kuliyanika pa mkeka tsamba ndi tsamba, mpaka pano limanunkha nkhungu koma silikhala pa shelefu sabata yathunthu. Nkhani yake anaitenga kwa mneneri Hoseya ndi mkazi wake Gomeri, n'kuisamutsira ku California cha m'ma 1850 nthawi imene anthu ankathamangira kukakumba golide. Mtsikana wake Angel anagulitsidwa ku nyumba ya uhule ali mwana wa zaka 8, ndiye kukubwera mlimi Michael Hosea kudzamukwatira poti wamva kuti Mulungu wamuuza choncho, mkaziyo kumathawa iye kumamutsata. Ndi buku lamphamvu, anthu amalira nalo, koma mwana wa zaka 14 sindimupatsa. Ndipo ngakhale kwa akuluakulu ndimawonjezera mawu amodzi, kuti mu nkhaniyi wopirirayo ndi munthu amene akukonda mnzake wovulala mumtima, sakupirira zibakera ayi. Ndanena izi chifukwa ndinamvapo wina akulitchula pouza mnzake kuti abwerere kwa mwamuna womumenya, eti chikondi chimapirira. Bukulo silinena zimenezo.

Kamtsikana kaja ndinakatengera Love Comes Softly la Janette Oke wa ku Canada, la mu 1979. Chingerezi chake ndi chofewa, wa Fomu 2 amatha osatsegula dikishonale kawirikawiri, ndipo mulibe zoti kholo lichite nazo manyazi. Koma si kuti ndi lopanda mnofu. Marty mwamuna wake wamwalira pa ngozi ali pa ulendo wokafuna malo olima, iye ali ndi pakati, alibe m'bale pafupi, ndipo tsiku lomwelo la maliro bambo wina wamasiye Clark Davis akumuuza kuti tikwatirane uzindilerera mwana wanga, nyengo yozizira ikatha ukafuna kubwerera kwanu ndidzakulipirira ulendo. Nditawafotokozera choncho mayi aja anagwira pakamwa. "Iii, ndiye chokolo chimenechotu?" Ndinati ayi mayi, Clark si m'bale wa malemuyo, komanso mkaziyo anamusiyira ufulu wochoka. Koma funso lawolo linandisangalatsa, chifukwa kuno kwathu nkhani ya mkazi wamasiye, chokolo, kupita kufa, katundu wa malemu, ana atsala kwa ndani poti lobola inaperekedwa, si nkhani ya m'buku ayi. Novel yabwino yachikondi imafika pomwepo, imakupangitsa kuyerekeza ndi zakwanu ngakhale inalembedwa kutsidya kwa nyanja.

Kakonzedwe ka mabuku amenewa n'kosavuta kukagwira. Pamakhala anthu awiri, chinthu chowalekanitsa, ndi chikhulupiriro chimene chikuyesedwa panjira, ndipo kumapeto mumadziwa kale kuti apezana. Zimenezo si vuto, ngakhale nkhani ya Rute ndi Boazi timaidziwa mathero ake koma timaiwerengabe. Chimene ndimayang'ana ine ndi choti kodi anthuwo akusintha pang'onopang'ono ngati anthu enieni, kapena wolembayo watopa ndiye wangoponyapo pemphero limodzi pa mutu womaliza mavuto onse balala. Amtundu wachiwiriwo ali mbwee pa kaunjika wa mabuku m'misewu ya ku Limbe, chikuto chokongola mkati mwake madzi okhaokha. Tsegulani chapakati muwerenge masamba awiri musanatulutse ndalama.

Tsono anyamata, ndi abambo omwe, mukawatchulira chikondi amakwinya nkhope ngati mwawapatsa bwemba wosapsa, iwo amati tikufuna za mbiri, za nkhondo. Apa ndi pamene ndimafuna kukhalitsa pang'ono chifukwa anthu ambiri amasokoneza novel ya mbiri ndi buku la mbiri.

Ganizirani nyumba yomata. Zaka, malo ndi anthu amene anakhalakodi ndiye mizati yake, wolemba saloledwa kuisuntha. Koma zimene anthu ankayankhulana pa moto usiku, mantha awo, amene ankakondana mobisa, ilo ndi dothi lomatira, wolemba amakumba yekha. Mwachitsanzo tikudziwa kuti Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859 pa sitima ya Ma Robert. Tikudziwa kuti Bishopu Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire, kufupi ndi Chiromo, ndipo chaka chomwecho amishoni anzake anachoka ku Magomero kudzakhala kwa Chibisa ku Chikwawa kuno, n'kukumana ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863. Tikudziwanso kuti Amakololo amene anabwera ndi Livingstone anatsalira m'chigwa muno n'kukhala mafumu, maina ngati Kasisi, Katunga ndi Maseya alipo mpaka lero. Wina atalemba novel n'kunena kuti Mackenzie anafera ku Zomba ndiye wagwetsa mzati, bukulo ndi lolakwa. Koma atapeka mtsikana wa Chimang'anja wowotcha mchere amene akukwatiwa ndi Mkololo kuti abale ake apulumuke njala, palibe bodza pamenepo, ndiyo ntchito yakeyo. Ine novel yotero ndimailakalaka pa shelefu yanga, ndipo ndimawauza aphunzitsi a Chichewa akabwera kuti nkhani zili pakhomo pompano, mukudikira ndani.

Podikira ameneyo, woyamba kumupereka ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma. Buku lake Nthondo la mu 1933 limatsata munthu m'modzi kuyambira kubadwa mpaka kufa, unyamata wake wosamva, ufumu, mpaka kulowa Chikhristu, ndipo linapambana mpikisano wa mabuku olembedwa m'zilankhulo za mu Africa, kenako T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa mu 1934. Chichewa chake ndi chakale, cha kumtunda, ana a kuno amene kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja amayamba akhumudwa nacho masamba oyambirira, koma akalowamo amaona mudzi wa agogo a agogo awo uli wamoyo. Mungokumbukira kuti wolembayo anali munthu wa mishoni, ndiye miyambo ina amaionera pa zenera la tchalitchi. Novel iliyonse ya mbiri ili ndi zenera lake, funsani kuti wolembayu waima pati.

Pali buku limodzi limene ndimapatsa onse, ofuna chikondi ndi ofuna mbiri, The River Between la Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya, la mu 1965. Zitunda ziwiri, Kameno ndi Makuyu, pakati pake mtsinje wa Honia, uku agwira mwambo uku alowa mpingo. Waiyaki mphunzitsi wachinyamata akukonda Nyambura mwana wa mlaliki Joshua, ndipo mbali zonse ziwiri sizikufuna. Musayembekeze ukwati wa keke kumapeto, ndipo si buku lachikhristu monga amatanthauzira ogulitsa mabuku, koma amene anakulira m'banja loti bambo ndi mkulu wa mpingo pomwe agogo amalemekeza za ku Khulubvi, ku kachisi wa M'bona, alimva mpaka m'mafupa. Muli nkhani ya chinamwali cha atsikana ndi imfa ya mtsikana wina, ndiye ndimayambira Fomu 3 kupita m'tsogolo. Wofuna zachikhristu zenizeni zokhala ndi mbiri yakale atenge A Voice in the Wind la Francine Rivers yemwe uja, la mu 1993, limayambira pa kugwa kwa Yerusalemu m'chaka cha 70 n'kutsata kapolo wamkazi Hadassah mpaka ku Roma. Ndi lalikulu, m'mabwalo omenyana mumakhetsedwa magazi ambiri, n'labwino kwa amene anazolowera kale kuwerenga.

Za Khulubvi zija, Steve Chimombo analemba sewero la The Rainmaker lonena za M'bona. Ndinalibwereketsa kwa mnyamata wina wa kabaza amene amawerenga podikira makasitomala, patapita masiku anabwera ndi agogo ake pa keliyala ya njinga. Mkuluyo sadziwa Chingerezi, mdzukuluyo anachita kumawamasulira madzulo, ndiye anabwera kudzandiuza kuti wolemba wanuyu walakwitsa, nkhani ya M'bona siyenda choncho, ndipo anakhala pa benchi pafupifupi ola lathunthu akulongosola m'mene anamvera kwa makolo awo, za kuthawa kwake, za ku Ndione kumene anaphedwera. Sindinawatsutse. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe amene anagwira ntchito m'chigwa muno, anasonkhanitsa kafotokozedwe kosiyanasiyana ka nkhani yomweyi m'buku lawo River of Blood la mu 1992, limenelo ndiye la kafukufuku osati novel, ndipo mukawerenga mumaona kuti ngakhale akuluakulu eni ake sankafotokoza mofanana. Ndinangopempha mnyamatayo kuti zimene agogo ake anenazo akazilembe mu kope, ndinamupatsa ndi bolopeni yomwe.

Kamtsikana kaja kanabweza buku patatha masiku anayi okha, chikuto chitakutidwa bwinobwino ndi pepala la shuga. Kanati kakufuna gawo lachiwiri, koma chonde ndilembe masabata awiri mu kaundula osati imodzi, chifukwa amayi akumaliwerenganso iye akapita kusukulu ndipo amawerenga pang'onopang'ono.