Kudina Ctrl+U si kuthyola webusaiti

M'ma internet café a ku Kamwala ndi ku Matero mu Lusaka anthu ena amakhulupirirabe kuti munthu akatsegula tsamba lodzaza ndi zilembo za HTML (chinenero cholembera masamba a pa intaneti), ndiye kuti wathyola webusaiti, kutanthauza kulowamo mwakuba. Ayi ndithu. Mukadina mabatani a Ctrl+U pa Chrome kapena Firefox n'kutsegula tsamba lotere, mumangowerenga zimene seva (kompyuta yosunga webusaitiyo) yatumiza kale pa kompyuta yanu kuti tsambalo lioneke. Mapulogalamu a PHP oyendetsa webusaitiyo ndi database, momwe mumasungidwa mapasiwedi, zimatsala ku seva komweko.

Ngakhale akuluakulu amasokonezeka nazo. Mu 2021 bwanamkubwa wa Missouri ku America, Mike Parson, anafuna kuti mtolankhani wina aimbidwe mlandu chifukwa anaona manambala achinsinsi a aphunzitsi amene boma lomwelo linasiya poyera mu HTML. Mtolankhaniyo sanazengedwe mlandu.

Pofunika kuchenjera ndi pa batani la F12, lomwe limatsegula zida zosinthira zimene zikuoneka pa tsamba. Pamenepo tambwali akhoza kusintha K50 kukhala K5,000 pa tsamba la banki, n'kujambula, n'kukutumizirani pa WhatsApp kuti walipira lendi. Zosinthazo zili pa kompyuta yake yokha, ndipo akangodina F5, batani lotsegulanso tsambalo, zimafufutika. Musanamupatse makiyi a nyumba, yang'anani kaye mu akaunti yanu ngati ndalamayo yalowadi.