Mbewa zonyamula jini ya munthu: zimene zimatiuza pa katemera

Akatemera ambiri atsopano amayamba ayesedwa pa mbewa asanafike pamkono pa munthu. Vuto n'lakuti maselo a chitetezo otchedwa T saona kachilombo kathunthu. Amangoona tizidutswa ta mapuloteni ake, ta ma amino acid (tinjerwa tomangira puloteni) 8 mpaka 10, titayalidwa pamwamba pa selo ndi puloteni yotchedwa HLA, monga wamalonda amayalira tomato pabenchi kuti odutsa aone. Mbewa ili ndi puloteni yakeyake, H-2, ndipo imayala tizidutswa tina.

N'chifukwa chake asayansi amabaya jini ya HLA-A2, umodzi mwa mitundu ya HLA ya anthu, m'dzira la mbewa longokumana kumene ndi umuna. Ana akabadwa, maselo awo a T amakhwimira mu thymus, kachiwalo ka m'chifuwa, akuona HLA ya munthu, n'kuizolowera ngati yawo.

Poyamba zinkavuta. Selo la T limagwira HLA pawiri: pamwamba pomwe pali kachidutswa, komanso m'munsi pa gawo la alpha 3, pomwe CD8, puloteni ya pa selo la T, imamatirira. CD8 ya mbewa sigwira bwino alpha 3 ya munthu, choncho chitetezo chinkadzuka mofooka. Anathana nazo polumikiza alpha 1 ndi alpha 2 za munthu, zigawo zapamwamba zogwira kachidutswa, ku alpha 3 ya mbewa. Mu 1997 a ku Institut Pasteur ku Paris anafotokoza za mbewa za HHD, zomwe anazichotseranso H-2 yopikisana nayo, kuti maselo a CD8 azidalira HLA basi.

Msampha wina uli mkati mwa selo. Puloteni ya TAP, yomwe imapititsa tizidutswa ku HLA, ndi yosankha kwambiri mu mbewa: sinyamula bwino tothera ndi amino acid ya lysine kapena arginine, tomwe mitundu ina ya HLA, monga HLA-A3 ndi HLA-A11, imakonda. Ndiye mukaona kuti maselo a mbewa sanatulutse interferon gamma (puloteni yosonyeza kuti chitetezo chadzuka) pa mayeso owerenga maselo oitulutsa otchedwa ELISpot, musafulumire kutaya kachidutswako. Mwina sikanafike n'komwe pamwamba pa selo.

Kwa ife kuno ku Johannesburg, komwe HIV imafufuzidwa kwambiri ku yunivesite ya Wits ndi ku NICD, bungwe la boma lofufuza matenda opatsirana, funso lofunika ndi ili: mbewayo yanyamula HLA ya ndani? HLA-A*02:01, mtundu wa HLA-A2 womwe uli mu mbewa za HHD, ndi yofala kwambiri mwa azungu. Kumwera kwa Africa kuno kwafala mtundu wina wa HLA, B*58:02, yomwe imayendera limodzi ndi kuchuluka kwa HIV m'magazi, pomwe B*58:01, yosiyana nayo ndi ma amino acid atatu okha, imathandiza kuipondereza. Katemera wodzutsa chitetezo mu mbewa ya A2 ayenera kuyesedwanso pa maselo a magazi a anthu akuno tisanamukhulupirire.