Chipewa cha nthenga chinachoka bwanji pamutu pa drum corps

Mu Ogasiti 2016, m'bwalo la Lucas Oil mumzinda wa Indianapolis ku America, gulu la Bluecoats linalowa mumpikisano wotsiriza wa chaka litavala zoyera zogwira thupi, kumutu kulibe kanthu. Jekete la mabatani limene magulu otere ankavala silinaoneke, chipewa nachonso ayi. Usiku umenewo gululi linatenga chikho koyamba chiliyambire mu 1972, ndipo mkangano wa zovala umene unabuka pamenepo sunazilale mpaka lero pakati pa anthu okonda drum corps.

Kwa amene sanaonepo, drum corps ndi gulu la achinyamata a zaka zosapitirira 22 amene amaimba malipenga ndi ng'oma uku akuguba, ena akuvina ndi mbendera, pabwalo la mpira wa ku America. Masiku ano gulu limodzi limatha kufika anthu 165. Chionetsero chawo chimatenga mphindi ngati 11, koma amachikonzekera miyezi yambiri, kenako n'kuyenda nacho pabasi mzinda ndi mzinda kuyambira Juni mpaka Ogasiti, akugona pansi m'maholo a sukulu. Ine ndinawadziwira pa YouTube, ndipo chimene chinandikoka poyamba si nyimbo ayi, koma mzera wa nthenga zoyera zikutembenuka pamodzi ngati mutu umodzi.

Nthenga zimenezo zinachokera kunkhondo. Asilikali a ku America atabwerako ku nkhondo yoyamba ya padziko lonse anali ndi mabungwe awo, American Legion imene inayamba mu 1919, ndi Veterans of Foreign Wars. Nthambi za mabungwewa zinayambitsa magulu a ng'oma ndi malipenga oti aziguba pa perete, ndipo posakhalitsa matchalitchi a Katolika ndi masikauti anayambitsanso awo pofuna kuti anyamata a m'matauni akhale ndi chochita. Malamulo a mipikisano ankalemba ndi asilikali akale, choncho zonse zinkayenda mwachisilikali. Gulu lisanalowe m'bwalo linkayamba laima pamzera kuti aliyendere. Woweruza ankadutsa munthu mmodzimmodzi, kuyang'ana nsapato ngati yapolishidwa, batani ngati lili pamalo pake, tsitsi ngati lametedwa, lipenga ngati likuwala. Kaulusi kolendewera pamkono kankachotsetsa mapointi nyimbo isanayambe n'komwe.

Ife kuno izi si zachilendo kwenikweni. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, beni ya ku Mangochi ndi mganda wa m'chigawo chapakati nazonso zinamera m'mapazi a asilikali a King's African Rifles, ndipo aliyense amene anaonerapo maboma a malipenga akupikisana akudziwa kuti kabudula wosita bwino ndi sokosi zoyera ndi gawo la gule weniweniyo. Ku America chinthu chomwecho chinakula n'kukhala mpikisano wa dziko lonse wokhala ndi mapepala a oweruza.

Chipewa chimene chinatchuka kwambiri ndi shako. N'chachitali, chozungulira ngati chitini, chili ndi kamlomo kutsogolo kophimba maso, chizindikiro chachitsulo pamphumi, lamba wa pachibwano, ndi nthenga yoimirira pamwamba. Dzinali linachokera ku Hungary, kwa asilikali apakavalo, ndipo m'zaka za m'ma 1800 magulu ankhondo ambiri a ku Ulaya ankachivala. Pabwalo la drum corps chinali ndi ntchito yake. Oweruza ena amakhala pamwamba penipeni pa bwalo n'kumayang'ana pansi, ndiye chipewa chofanana chimabisa kusiyana kwa anthu: wamfupi ndi wamtali, watsitsi lalitali ndi wometa, onse amaoneka kadontho kamodzi. Komanso nthenga sinama. Munthu akapendeketsa mutu pang'ono chabe, kapena akamadumphadumpha poguba, nthenga yake imamuulula kwa bwalo lonse. N'chifukwa chake oimba ankaphunzira kuyenda ngati asenza mtsuko wodzaza madzi.

Koma chachikulu chinali chakuti chovala chinali dzina. Gulu la Cadets, limene linayamba mu 1934 pa tchalitchi cha Holy Name ku Garfield, m'dera la New Jersey, linkavala jekete lofiirira la mabatani ndandanda lofanana ndi la ophunzira usilikali ku West Point, ndipo linakhala nalo kwa zaka makumimakumi. Cavaliers, gulu la anyamata okhaokha lomwe linayamba ku Chicago mu 1948, linkadziwika ndi zobiriwira, ndi chipewa chotambalala chopindidwa mbali imodzi, chimene amachitchula kuti aussie chifukwa n'chofanana ndi cha asilikali a ku Australia. Madison Scouts ndi Santa Clara Vanguard nawonso ankadziwika ndi aussie. Troopers a ku Casper, ku Wyoming, anatengera zovala za asilikali apakavalo a 11th Ohio Volunteer Cavalry amene anakhalapo kudera lawolo m'zaka za m'ma 1860. Phantom Regiment a ku Rockford ankavala chisoti. Munthu wokhala mpando wakumapeto kwenikweni ankadziwa gulu likungotulukira pachipata, asanalengeze.

Ndiyenera kunena chilungamo apa, chifukwa ena amalankhula ngati kale aliyense ankavala chisilikali. Hawthorne Caballeros anayambitsidwa mu 1946 ndi asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri, koma anasankha malaya onyezimira, mathalauza otambalala kumiyendo ndi chipewa cha sombrero. Kilties a ku Racine ankavala masiketi a ku Scotland. Ngakhale asilikali enieniwo ankasewera ndi zovala.

Mu 1971 magulu 13 anatopa ndi malamulo a mabungwe a asilikali akale ndipo anapanga bungwe lawolawo, Drum Corps International. Ena mwa amene anatsogolera anali Jim Jones wa Troopers ndi Don Warren wa Cavaliers. Mpikisano woyamba unachitika mu 1972 ku Whitewater, ku Wisconsin, ndipo Anaheim Kingsmen ndi amene anapambana. Kuyendera zovala kunasiyidwa. Mu 1976 Bridgemen a ku Bayonne anatulukira m'majasi aatali achikasu, ndipo pambuyo pake Velvet Knights a ku California ankalowa m'bwalo ndi nsapato zofiira za Converse. Anthu ankawakonda, koma ankawaona ngati apadera. Magulu olimbirana chikho anapitiriza ndi jekete ndi chipewa.

Chimene chinagwetsa chipewa sichinali telala. Anali mapepala a oweruza. Kale woweruza ankawerenga zolakwa, cholakwa chilichonse n'kuchotsa kagawo ka pointi. Pofika 1984 njira imeneyo inatha, m'malo mwake anayamba kupereka mapointi poona kuvuta ndi kukongola kwa zimene gulu layesa. Pamenepo nzeru inasintha: kuima chilili sikunalinso kopindulitsa. Mu 1993 Star of Indiana inaonetsa oimba malipenga akupinda matupi ngati ovina, ena mwa oonera n'kuipidwa nazo, koma njira inali itatseguka. Mu 2000 analola malipenga a mtundu umene mabandi ena onse amagwiritsa ntchito, mu 2004 zokuzira mawu, mu 2009 zida zamagetsi. Chionetsero chinasanduka sewero lokhala ndi nkhani ndi zomangamanga pabwalo. Tsono taganizani munthu akuthamanga chafutambuyo, kugubuduka pansi, kudzuka n'kuimba lipenga, zonsezo ali m'jekete lokhuthala m'kutentha kwa Julayi wa ku America, chitini chili pamutu. Chipewa chikagwa chimakhala pakati pa bwalo, anzake n'kumachizemba.

Ngakhale Cadets, amene ankaoneka ngati alonda a mwambo, mu 2011 anagawa gulu pawiri, ena zoyera ngati angelo, ena zofiira ngati ziwanda, ndipo anatenga chikho. Choncho Bluecoats mu 2016 anangomaliza ulendo umene unayamba kale. Chionetsero chawo, Down Side Up, chinali ndi malo otsetsereka amene oimba ankakwera n'kutsetserekapo, zimene sizikanatheka ndi zovala zakale. Atapambana, ena anatsatira mofulumira kwambiri. Mu 2018 Santa Clara Vanguard inatenga chikho ndi Babylon, aussie ija palibe. Makina osindikiza mitundu pansalu yotanuka anachititsa kuti kusoka zovala zatsopano chaka chilichonse kukhale kotheka, ndipo magulu ambiri apamwamba tsopano amatero.

Achinyamata amene akuguba lero ali ndi mfundo zimene sindingazikane. Zovala zatsopano n'zopepuka, zimachapika, munthu amapuma bwino. Nkhope zimaoneka, ndipo mayi amene wayenda ulendo wautali kudzaonera amatha kumuloza mwana wake pakati pa anthu 165. Komabe mtima wanga uli ndi akale aja. Kwa iwo, tsiku lolandira yunifolomu linali tsiku lalikulu. Unkavala chimene anavala amene anakutsogolera, nthawi zina jekete lomwelo lenileni, ndipo chikakhala pathupi panali mwambo wake: suthamanga nacho mwachisawawa, sudya utachivala, chipewa suchiika pansi paliponse. Chovala chosokedwa chifukwa cha sewero la chaka chimodzi sichingasenze zimenezo, chifukwa Ogasiti akatha nachonso chatha. Ndaonerapo mavidiyo a zaka zaposachedwa pomwe ndimadikira mawu a wolengeza kuti ndidziwe gulu limene lili m'bwalo, ndipo zimandiwawa, chifukwa luso la ana amenewa ndi lalikulu kuposa kale lonse.

Magulu a anthu amene anagubapo kale amakumanabe n'kumaimba pa maperete ndi zionetsero atavala zakale. Akuluakulu a Caballeros, ena imvi zili mbuu, amatulukabe ndi sombrero zawo. Koma Cadets, amene anatenga chikho cha Drum Corps International maulendo 10, anatseka mu 2024 atagwa m'mavuto a zachuma ndi milandu, patatha zaka 90 chiyambire pa tchalitchi chija ku Garfield, ndipo jekete lofiirira silidzalowanso mumpikisano ku Indianapolis.