Musanagule handulo yatsopano, yezani kaye makebulo

Njinga zamoto zachuluka mu Harare muno. Anyamata operekera chakudya, mankhwala ndi timaphukusi amathera tsiku lonse ali pampando, kuchoka m'tauni kupita ku Msasa, ku Borrowdale, mpaka ku Chitungwiza kudzera mu Seke Road. N'chifukwa chake funso la handulo likundifika pafupipafupi kuposa kale. Wina akudandaula mapewa ndi msana. Wina njinga inagwa pa dzenje la mumsewu ndipo chiwongolero chikuyang'ana kumbali. Winanso wangosirira ya mnzake yonyezimira. Onsewa amaona ngati ndi ntchito ya mabawuti anayi basi. Mabawuti ndi anayidi, koma pa chitsulo chimenechi ndi pamene pamadutsa moto (chopotokola chija chokwezera liwiro la injini), klachi, buleki ya kutsogolo ndi mawaya onse a magetsi. Ukalakwitsa pamenepa, njinga imaoneka bwino ili chiimire, n'kudzakutembenukira pa kona.

Ndiyambe ndi inu amene njinga yanu inagwa. Musathamangire kukagula. Nthawi zambiri handulo imakhala ili bwinobwino, chapotoka ndi mafoloko (mapaipi awiri ogwira tayala la kutsogolo) m'zomangira zake, moti tayala likuloza kwina, handulo kwina. Makaniko amamasula pang'ono mabawuti a chomangira cha m'munsi, a madigadi ndi a ekiselo, osakhudza a pamwamba, kenaka n'kukankhira mafoloko pansi kangapo atagwira buleki. Zonse zimabwerera m'malo mwake, iye n'kumanganso. Njinga zina zili ndi timphira pansi pa zomangira handulo, ndipo nato timasendera njinga ikagwa. Ngati mukukayikabe, chotsani handuloyo, muigoneke pa tebulo losalala, muyeze kutalika kwa mbali iliyonse kuchokera pa tebulopo. Mbali ziwirizi zikasiyana, ndiye yapindikadi.

Ikapindika, isintheni. Ndikudziwa kuti ku Siyaso ndi ku Magaba kuli amisiri amene palibe chitsulo chimawakanika, ndipo ndimawalemekeza kwambiri. Komabe handulo si chinthu chowongola ndi paipi kapena kuotcha ndi moto. Chitsulo chikapindika n'kubwezedwa chimafooka pamalo omwewo, ndipo mng'alu umabisala pansi pa utoto wonyezimira uja pafupi ndi chomangira, pamene diso silifika. Ya aluminiyamu ndiye yoopsa koposa, chifukwa siichenjeza. Imangothyoka, ndipo imathyoka pa nthawi imene thupi lanu lonse latsamira pa iyo, pogwira buleki mwadzidzidzi.

Tsopano za kukula kwake. Njinga zambiri zimene timaziona kuno, za ku Japan, ku India ndi ku China, monga Honda yaing'ono, Yamaha AG200, Bajaj Boxer ndi TVS, zimagwiritsa handulo ya mamilimita 22. Harley-Davidson ndi zina zikuluzikulu za mtundu umenewo zimakhala ndi ya inchi imodzi, amene ndi mamilimita 25.4. Palinso zonenepa pakati, za mamilimita 28.6 pomangira koma 22 kumapeto, zimene makampani ngati Renthal ndi ProTaper amapangira njinga za m'fumbi. Zimenezi sizilowa m'zomangira wamba pokhapokha mutagulanso zomangira zake. Mukamakagula, nyamulani handulo yakale kapena choyezera. Wogulitsa akakuuzani kuti "ingokowekani kachitini kuti igwire", kapena kuti mupale chomangira kuti yonenepa ilowe, bwezani ndalama zanu m'thumba. Onaninso kuti pakati pake pali timizere tokhakhala tothandiza kuti isaterereke, komanso kuti kubowo kwa kumapeto kukulola zitsulo zolemera zija zimene zimachepetsa kunjenjemera. Handulo ya aluminiyamu imakhala yochindikala, kubowo kwake n'kochepa, ndipo zitsulo zakale nthawi zambiri sizilowamo. Amene amazitaya amadzadabwa zala zikuchita dzanzi asanafike n'ku Norton komwe.

Maonekedwe a handulo amayezedwa patatu: kutambalala kwake, kukwera kwake kuchokera pa chomangira, ndi mmene nsonga zake zapindikira kubwera kwa wokwera. Chachitatuchi anthu amachiiwala, chonsecho ndi chimene chimapweteketsa mfundo za manja. Khalani pa njinga mmene mumakhalira masiku onse, mutsinzine, mutambasule manja pamene afika okha mosakakamiza. Zigongono zikhale zopindika pang'ono, mfundo za manja zili zowongoka. Mnzanu ayeze kuchokera pamene manja aima kufika pa handulo yomwe ilipo. Muyeso umenewo ndi umene mukufuna, osati zimene zakomera maso pa sitolo. Yotambalala imapatsa mphamvu m'misewu ya fumbi ndi mchenga, ngati ya ku Epworth kapena kumafamu. Yopapatiza imathandiza kudutsa pakati pa makombi m'tauni, koma anyamata ena amadula mopitirira mpaka maswitchi kusowa pokhala, ndipo tayala likamenya dzenje sakhalanso ndi mphamvu zoligwira. Ine ndikadula, ndimadula pang'ono kwambiri, mofanana mbali zonse, munthu akayambe wayesa.

Ndinenenso ichi, ngakhale chimandichepetsera ntchito: ambiri odandaula mapewa safunikira handulo yatsopano. Kumasula mabawuti, kupendekera handulo kumbuyo pang'ono, ndi kutsitsa zogwirira za buleki ndi klachi kuti zala zizizipeza dzanja lili lowongoka, kumathetsa ululu popanda kutaya dola.

Koma tinene kuti mwatsimikiza, mukufuna yokwera. Apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsere, chifukwa si inu amene mumagamula kuti handulo ikwere pati. Amagamula ndi makebulo. Kampani inadula kebulo ya moto, ya klachi, paipi ya mafuta a buleki ndi mawaya molingana ndi handulo imene njinga inabwera nayo, n'kusiya kotsala pang'ono chabe. Kawirikawiri kukweza ndi mamilimita 20 kapena 25 kumatheka osasintha kanthu. Kupitirira apo, konzekani kugula zazitali. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo kumachitika musanagule: masulani handulo yakale zonse zili pomwepo, muinyamule m'mwamba kufika pamene yatsopano idzakhale, mnzanu akhotetse tayala mpaka kumapeto kumanzere, kenaka kumanja. Chilichonse chimene chakungika chikukuuzani kuti sichifika.

Taganizani zimene zimachitika kebulo ya moto ikakhala yaifupi. Njinga ikuyenda mowongoka zonse zili bwino. Mukafika potembenuka, handulo ikakhota mpaka kumapeto, kebulo imakokeka yokha ngati kuti mwapotokola moto, injini n'kulira, njinga n'kudumpha inu muli chopendekera. Zili ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi: ikangotembenuka, chikhomo chimazuka. Kebulo ya klachi ikakungika imakoka klachi pang'onopang'ono osadziwika, mbale zake n'kumatereka mpaka kupsa, mwini wake n'kumadabwa kuti njinga yatha mphamvu bwanji pa chitunda. Paipi ya buleki ili ndi msampha wake. Njinga ikakhala pansi mafoloko amakhala atalowa pang'ono, paipi n'kuoneka yokwanira. Tayala likagwera m'dzenje kapena likadumpha hampu, mafoloko amatambasuka mpaka kumapeto n'kuikoka pamutu pake. Choncho paipi imayezedwa tayala la kutsogolo lili m'mwamba. Mawaya nawo amaduka mkati chikopa chake chili bwinobwino, ndipo mudzavutika kufufuza chifukwa chake injini imazima mukakhotera mbali imodzi yokha. Nthawi zina kungosintha njira ya kebulo, kuidutsitsa kuseri kwa chomangira m'malo mwa kutsogolo, kumapereka kotsala kokwanira, bola isapindike mwamphamvu kapena kupanikizika pakati pa thanki ndi foloko. Ngati njinga yanu ili ndi ABS, chipangizo choletsa tayala kuima n'kutsetsereka pogwira buleki, ndipo paipi ikufunika kusintha, ntchitoyo ipatseni munthu amene amaidziwa.

Pa tsiku la ntchito, yambani ndi kujambula ndi foni mmene kebulo iliyonse yadutsira. Chotsani waya wa negetivu pa batire, muphimbe thanki ndi chinsalu chochindikala. Chotsani magalasi, koma eni a Yamaha samalani: galasi la kumanja pa njinga zambiri za kampaniyi lili ndi mazinga otembenuka, limamasuka mukapotoza mbali imene ena amamangira. Ambiri athyolapo pokakamiza. Mphira yogwirira dzanja ya kumanzere imatuluka mukalowetsa sikuludiraiva yopyapyala n'kuthiramo madzi a sopo, kapena mpweya wa kompuresa. Master cylinder, kabokosi ka mafuta a buleki kaja, musaimasule paipi. Ingoichotsani pa handulo n'kuimangirira ndi chingwe ili chilili, kuti mpweya usalowe m'paipi ndiponso mafuta asadonthe, pakuti mafuta a buleki, kaya DOT 3 kaya DOT 4, amadya penti. Chogwirira cha moto chimatulukira kunsonga, ndiye chimafuna kuti handulo ikhale itamasuka kale kuti muisendeze kumanzere. Poika yatsopano ndi chimodzimodzi: lowetsani cha moto poyamba, kumanga pambuyo.

Pali kanthu kakang'ono kamene kamaonetsa ngati ntchito yagwiridwa ndi mmisiri kapena wongofuna kuthana nazo. Mkati mwa bokosi la maswitchi muli kamsomali kakafupi kamene kamalowa m'kabowo ka pa handulo, kuti bokosilo lisazungulire. Mahandulo ogula padera ambiri amabwera opanda kabowoko, ndipo ochuluka amangopala kamsomaliko n'kukulunga tepi. Kumanzere mwina mungapulumuke nazo, ngakhale hutala idzakuthawani chala pa nthawi yoifuna. Kumanja ayi. Bokosi la kumanja pa njinga zambiri ndi limene lagwira kebulo ya moto, ndipo likayamba kuzungulira limodzi ndi dzanja, moto umasiya kumvera. Boolani kabowoko. Koma musaboole musanakhutire ndi mmene handulo yakhalira: imangeni, khalanipo, ipendekeni mpaka thupi livomere. Mukatero pakani kagirisi pansonga ya kamsomali, mutsekere bokosi pamalo ake, ndipo kadontho kamene katsale pa chitsulo ndi pamene pali pobowola. Menyanipo ndi panchi kuti dirilo isaterereke, muboole khoma limodzi lokha ndi kachitsulo kolingana ndi kamsomaliko, mupale m'mphepete mwake.

Pomanga zomangira, onani ngati pali kadontho kapena kamuvi. Pa njinga zambiri za Honda kadonthoko kamayang'ana kutsogolo, ndipo mumamanga mabawuti a kutsogolo poyamba mpaka atakhudza, kenaka a kumbuyo, mpata n'kutsalira kumbuyoko. Mpata umenewo ndi wadala, musaukakamize kutseka. Zomangira zopanda chizindikiro zimamangidwa mosinthanasinthana kuti mpata ufanane. Mphamvu yomangira ili m'buku la njinga yanu, ndipo pa mabawuti a mamilimita 8 nthawi zambiri imakhala pakati pa 20 ndi 30 Nm. Bwerekani torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imeneyi, ngati mulibe. Mazinga amene mabawutiwa amalowamo nthawi zambiri amakhala mu aluminiyamu, ndipo dzanja la munthu wa nyonga limawafafaniza mosavuta. Chomangira cha master cylinder chimakhala ndi mawu akuti UP, amene amayang'ana kumwamba, ndipo bawuti la pamwamba ndi limene limayamba kumangidwa.

Mphira ya kumanja ndi yotakasuka kuposa ya kumanzere chifukwa imavala pa chubu cha moto, musazisinthanitse. Pozilowetsa musagwiritse oyilo kapena girisi, zidzavuka m'manja mvula ya Januwale ikagwa. Guluu wake alipo. Siyani kampata pakati pa mphira ya moto ndi chitsulo cha kunsonga, kuti pasakhale chokhulana.

Musanatuluke pa geti, bwezani batire, mulize injini, giya ili pa nyutulo. Khotetsani handulo pang'onopang'ono mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, khutu lili pa injini. Kulira kwake kusasinthe ngakhale pang'ono. Kukakwera, zimitsani, mubwerere ku kebulo. Injini ili yozima, potokolani moto n'kuusiya, handulo ili pakati, kenaka ili kumanzere, kenaka kumanja. Uzibwerera wokha msanga, ukumveka kuti "tha". Pa njinga zambiri chogwirira cha moto chimafuna kuseweza kwa mamilimita 2 mpaka 6 chisanayambe kukoka, ndipo cha klachi mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake. Finyani buleki ya kutsogolo, ikhale yolimba, osati yofewa ngati muli mpweya, ndipo nyale ya kumbuyo iyake. Onani kuti zala zazikulu sizikupanikizika pa thanki, kuti loko wa chiwongolero akutsekabe, kuti hutala, maindiketa ndi switchi yozimitsira injini zikugwira.

Ulendo woyamba ukhale wa pang'onopang'ono m'kamsewu kopanda magalimoto, wopanda wokwera kumbuyo kapena bokosi la katundu. Tembenukani kangapo mbali zonse, mugwire buleki mwamphamvu kuti muone ngati handulo siikusendera kutsogolo. Pakatha masiku angapo mukuyenda m'maenje a m'misewu yathuyi, bwererani pa mabawuti anayi aja ndi torque wrench, muonenso ngati pali kebulo imene yayamba kupalika chikopa penapake.